Besi Ikamasowa Ng'oma Zikangolowa: Mavuto a Ampu Yopepuka ndi Mmene Mungawathetsere

Vutoli limabwera mofanana nthawi zonse. Kunyumba ampu yanu ya besi, chokuzira mawu a gitalayo, imalira bwino, mawu ake okhuthala mpaka mawindo kunjenjemera. Mwainyamula ndi dzanja limodzi, gitala kumsana, mwafika pamalo oimbira, mwayesa muli nokha, zonse zili bwino. Woimba ng'oma akangoyamba, kiyibodi nayo n'kulowa, besi yanu zii. Zala mukuziona zikuyenda pa nsambo koma khutu silikumva kanthu. Mukweza voliyumu, mukwezanso, mpaka sipika iyamba kusasa ngati ikung'ambika, kanyale kofiira kali phethiphethi. Nyimbo yachisanu ili mkati, ampu ingothima yokha.

Ine ndavutika nazo zimenezi kwa zaka zingapo, ndipo kawiri konse ndinatsala pang'ono kugulitsa ampu yabwinobwino poganiza kuti ndi yofooka. Pambuyo pake ndinazindikira kuti nthawi zambiri chosowa si mawati. Chimene chimalakwika ndi malo amene ampuyo yaikidwa, mawu amene tikuipempha kuti itulutse, ndi dzanja lathu lomwe limathamangira batani la voliyumu tisanaganize.

Tiyambe ndi chifukwa chake ampu zamasiku ano zimapepuka, pakuti gwero la vuto lili pomwepo. Ampeg SVT, imene inatuluka mu 1969, inkapereka mawati 300 ndipo mutu wake wokha, osawerengera bokosi la masipika, unkalemera makilogalamu opitirira 35. Lero kombo ngati Fender Rumble 500, ampu ndi masipika awiri a mainchesi 10 m'bokosi limodzi, imalemera pafupifupi makilogalamu 16. Opanga anachotsa thiransifoma yolemera ija n'kuikapo magetsi a mtundu wa switch-mode, ampu yake n'kukhala ya Class D imene siwononga mphamvu yambiri potentha, mabokosi n'kumapangidwa ndi matabwa opepuka, ndipo ena monga Markbass amaika maginito a neodymium m'masipika. Kulemera kunachokadi. Koma mpweya sunasinthe. Nsambo ya E yosagwira imanjenjemera ka 41 pa sekondi, ndipo funde la mawu ake limatalika mamita oposa 8. Kuti mawu otsika chonchi amveke m'chipinda chodzaza anthu, pamafunika kukankha mpweya wambiri, ndipo sipika imodzi ya mainchesi 10 kapena 12 ili ndi polekezera pake, kaya kumbuyo kwake kuli mawati angati.

Simukudzimva, koma mwina anthu akukumvani

Musanakhudze batani lililonse, funsani funso ili: amene sakumva besi ndi ndani, inu kapena omvera? Malo ang'onoang'ono amakukakamizani kuima mita imodzi kuchokera pa ampu, ndipo kombo yopepuka ndi yaifupi. Sipika ikuimbira mawondo anu. Mawu otsika amafalikira mbali zonse, koma mawu apakati ndi okwera, amene amakuuzani kuti mwagwira noti iti, amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Ndiye akudutsa m'miyendo mwanu kupita kwa anthu a kutsogolo, inu n'kutsala ndi chimkokomo chopanda tanthauzo. Mukakweza voliyumu kuti mudzimve, omverawo besi yawachulukira kale.

Mankhwala ake ndi osavuta. Ipendeketseni ampu chagada pang'ono kuti sipika iloze kumutu kwanu, kapena ikwezeni pa mpando wolimba kapena pa bokosi. Mukaikweza mudzataya pang'ono kukhuthala kumene pansi pamapereka, koma mudzamva noti iliyonse, ndipo kwa ine kusinthana kumeneku ndi kwaphindu pafupifupi nthawi zonse. Ngati muli ndi chingwe chachitali, pitani pamene padzakhale anthu bandi yonse ikuyesa, mumve nokha. Ambiri amadabwa kupeza kuti besi imene inkasowa pa siteji ikumveka bwino kumbuyo kwa holo.

Khoma nalonso ndi gawo la ampu yanu, mufune musafune. Mukaisendeza pafupi ndi khoma, mawu otsika amawonjezekera popanda kuwononga wati ngakhale imodzi, ndipo pakona amawonjezekera koposa. Kwa ampu yaing'ono imeneyi ndi mphatso, bola musiye mpata woti dzanja lilowe momasuka kumbuyo, kuti fani ipume komanso ngati bowo lotulutsira mpweya lili kumbuyoko lisatsekeke. Pamene pali msampha ndi pakatikati. Kutsogolo kwa sipika kukakhala pafupifupi mita imodzi kuchokera ku khoma la kumbuyo, mawu obwerera kuchokera ku khomalo amakumana ndi otuluka m'sipika n'kufafanizana cha pa 85 Hz, kutanthauza kunjenjemera ka 85 pa sekondi. Pamenepa ndi pafupi ndi F wa pa fureti yachitatu ya nsambo ya D. Mukaona kuti manoti ena akusowa pamene ena akuphulika, musadandaule za gitala kapena zala zanu. Sunthani ampu theka la mita, muyesenso. Chipinda chilichonse chili ndi malo amene noti ina imakula ndi malo amene imafa, ndipo palibe batani lothetsa zimenezo, n'kusuntha basi.

Siteji yamatabwa yokhala ndi mphako pansi imalira yokha ngati ng'oma yaikulu. Pamenepo ikani kapeti wokhuthala kapena siponji yolimba pansi pa ampu. Zimathandizanso pa vuto lina la ampu zopepuka, loti zimayenda zokha pang'onopang'ono zikamanjenjemera pa malo oterera.

Mawu okoma kunyumba ndi amene amakusowetsani m'bandi

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa ndi pamene ambiri timagwera. Munthu akamaimba yekha amakonda kukweza bass (mawu otsika), kukweza treble (okwera), n'kutsitsa mid (apakati). Ampu zambiri zili ndi batani lochitiratu zimenezi kamodzin'kamodzi, lolembedwa contour kapena dzina lina lofanana nalo. Mawu ake amakomadi m'chipinda chogona. Koma m'bandi, kunsi kwenikweni kuli kale ng'oma ya phazi ndi dzanja lamanzere la wa kiyibodi, kumwamba kuli zimbale za ng'oma ndi magitala. Malo amene besi ikanaonekera ndi apakati aja mwawadula nokha.

Khutu la munthu silimva mawu onse mofanana. Harvey Fletcher ndi Wilden Munson anaonetsa mu 1933 kuti mawu otsika amafunika mphamvu yochuluka kwambiri kuti amveke mofanana ndi apakati. Komanso noti ya besi si funde limodzi. E wa 41 Hz amabwera ndi ana ake pa 82, 123, 164 ndi kupitirira, ndipo ubongo umatha kuzindikira noti yotsikayo pongomva anawo. N'chifukwa chake mumatha kutsatira besi ya nyimbo pa sipika ya foni, imene singathe n'komwe kutulutsa 41 Hz. Ampu yaing'ono iyenera kudalira chinsinsi chomwechi.

Ndiye chitani izi. Zimitsani contour ndi mabatani ena onse osintha mawu. Bwezani bass, mid ndi treble pakati. Bandi ikuimba, tsitsani bass pang'ono, inde kutsitsa, kenaka kwezani mid, makamaka pakati pa 400 ndi 800 Hz ngati ampu yanu imalola kusankha. Mukaima nokha mawuwo adzamveka owuma, mwina ngati akutulukira m'mphuno, ndipo mtima udzafuna kubwerera kwakale. Pirirani mpaka anzanu alowe. Ngati mawu ali mbuu ngati akuchokera m'mgolo, vuto limakhala cha pa 200 mpaka 250 Hz, dulani pamenepo.

Kutsitsa bass kuli ndi phindu lachiwiri lomwe ndi lalikulu kuposa loyamba. Kukweza mawu ndi 6 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa mawu) kumafuna mphamvu yochuluka kanayi. Batani la bass likapotokoledwa kwambiri, ampu ya mawati 100 ikupemphedwa ntchito ya mawati 400 pa manoti otsika, ndipo siingathe. Mukalitsitsa, mphamvu imene inkathera pa chimkokomo imamasuka, ndipo mudzapeza kuti master, batani lotumiza mawu ku sipika, ikukwera patali sipika isanayambe kudandaula. Ngati ampu kapena pedulo yanu ili ndi high-pass filter, yochotsa mawu otsikitsitsa, iyatseni cha pa 40 mpaka 60 Hz. Mabokosi ambiri a besi ali ndi bowo la mpweya, ndipo pansi pa mlingo umene bowolo linakonzedwera, sipika imangovina mwamphamvu popanda mawu enieni otuluka. Oimba besi ya nsambo zisanu asamale kwambiri, pakuti B wotsika ali pa 31 Hz, kumene makombo ang'onoang'ono ambiri safikako.

Zala nazo ndi EQ, ndiye kuti zimasintha mawu ngati mabatani a bass, mid ndi treble aja. Kukhwatcha pafupi ndi buliji, pamene nsambo zimathera pa thupi la gitala, kumatulutsa mawu olimba, omveka bwino m'gulu. Nsambo zakale zodzaza thukuta zimataya mawu apamwamba aja. Ndipo nthawi zina yankho lili m'kukambirana: mupempheni mwaulemu wa kiyibodi achepetse dzanja lamanzere, wa gitala atsitse bass pa ampu yake. Anthu atatu akamaimba noti yotsika imodzi, palibe amene amamveka.

Kusasa ndi kung'aluka kwa mawu

Kusasa kuli ndi magwero angapo, ndipo kuwasiyanitsa kumatenga mphindi ziwiri. Lowetsani mahedifoni mu ampu. Ngati mawu akusasa ngakhale m'mahedifoni, sipika ilibe mlandu, vuto lili kutsogolo: gitala, chingwe, mapedulo (tizipangizo toponda tosintha mawu) kapena batani la gain. Besi ya active ili ndi batire la 9V mkati, ndipo likamatha mawu amayamba kusasa pa manoti okhwatchidwa mwamphamvu asanazimiretu. Batirelo limadyeka nthawi yonse imene chingwe chili cholowetsa m'gitala, ngakhale simukuimba, choncho muzichizula mukamaliza ndipo muziyenda ndi lina lapadera.

Gain ndi master si mabatani awiri a voliyumu. Gain imayeza kukula kwa mawu olowa, master ndiyo imatumiza ku sipika. Tsitsani master, khwatchani nsambo ya E mwamphamvu ngati mmene mudzachitire nyimbo ikafika pachimake, kwezani gain mpaka kanyale ka clip kayambe kuphethira, kenaka bwezani pang'ono. Mukatero isiyeni. Ngati besi yanu ndi yamphamvu moti kanyaleko kakuyaka gain ili pansi, gwiritsani ntchito polowera polembedwa active kapena batani la pad.

Ngati m'mahedifoni muli bwino koma sipika ikusasa mukakweza, mwafika pa malire a bokosilo. Tsitsani bass monga tanenera. Kompuresa yoikidwa pang'ono imathandizanso, chifukwa imagwira nsonga za manoti zimene zimamenyetsa sipika. Koma ngati pali kulira kwa nkhwee pa noti imodzi yokha ngakhale voliyumu ili pansi, gwirani ndi dzanja nsefa yachitsulo yakutsogolo, chogwirira, makona, notiyo ikulira. Kawirikawiri ndi sikuluu yomasuka. Zikakanika zonsezi, zimitsani ampu, chotsani nsefayo, mukankhe pepala la sipika pang'onopang'ono ndi zala zoyala mozungulira pakati. Liyenera kulowa ndi kutuluka mwakachetechete. Mukamva kukhukhuluza, koyilo ya mkati inapsa, ndipo sipikayo ikufunika mmisiri kapena ina yatsopano.

Za mawati

Kuwirikiza mawati kawiri kumangowonjezera 3 dB, kusintha komveka koma kochepa. Kuti khutu linene kuti mawu akula kawiri pamafunika pafupifupi 10 dB, kutanthauza mawati ochuluka kakhumi. Choncho kusiya ampu ya mawati 200 n'kugula ya 300 yokhala ndi sipika yofanana sikudzakupulumutsani.

Werenganinso bwino nambala yolembedwa pa ampu. Rumble 500 ija imapereka mawati 350 ku masipika ake amkati a 8 ohm (ohm ndi muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi, ikatsika ampu imalemedwa kwambiri), ndipo 500 imafika pokhapokha mutalumikiza bokosi lachiwiri la 8 ohm kuti zonse pamodzi zikhale 4 ohm. Makombo ambiri amapangidwa chonchi. Bokosi lachiwirilo ndiye njira yeniyeni yokulitsira mawu, osati chifukwa cha mawati 150 owonjezerawo, koma chifukwa masipika okankha mpweya achuluka, ndipo mukasanjikiza kombo pamwamba pake imafika pafupi ndi khutu lanu. Onani kaye kumbuyo kwa ampu ngati pali potulukira pa sipika yowonjezera, pakuti ena alibe, monga Rumble 100, ndipo onani mlingo wotsikitsitsa wa ohm umene imalola. Musapite pansi pake. Polumikiza gwiritsani ntchito chingwe cha sipika, osati cha gitala. Cha gitala waya wake wamkati ndi wowonda, amatentha ndipo angathe kuwononga ampu.

Pamalo pamene pali zokuzira mawu za holo, musalimbane ndi chipinda chonse nokha. Tengani chingwe cha XLR, chija cha maikolofoni, kuchokera pa potulukira mawu pa ampu polembedwa DI kupita ku mikisa, ampuyo ikhale yodzimvera inu ndi woimba ng'oma. Ngati pali batani la pre ndi post, sankhani pre kuti zimene mukusintha pa siteji zisamasokoneze woyendetsa mikisa. Ampu ya mawati 100 imene ikanalephera yokha imakwanira bwino lomwe ikagwira ntchito imeneyi.

Ikathima yokha

Ampu za Class D zimadziteteza pozima zikatentha kwambiri, zikalemedwa ndi masipika a ohm yotsika, kapena magetsi akachepa. Ikathima n'kuyakanso yokha patapita mphindi zochepa, kutentha ndiye woyamba kumukayikira. Onani ngati fani ikuzungulira, ngati fumbi latseka mabowo, ngati mwaiunjikira zovala kapena chikwama kumbuyo, kapena ngati ili padzuwa. Ikamathima pa nthawi imene ng'oma ndi besi zamenya pamodzi mwamphamvu, ganizirani za magetsi. Chingwe chowonjezera chachitali, chowonda, chimene chanyamulanso magetsi owunikira siteji ndi zokuzira mawu, chimagwetsa mphamvu. Pezani soketi ina, chingwe chachifupi ndi chokhuthala, ndipo muchitambasule chonse osachisiya chokulunga. Onaninso chingwe cha magetsi pamene chimalowera mu ampu, chifukwa kunjenjemera kumachisolola pang'onopang'ono.

Pali kuduka kwina kumene kumasokoneza anthu: nyale ikuyaka, fani ikuzungulira, koma mawu akudukaduka kapena kuchepa okha. Mukatsimikiza kuti chingwe cha gitala ndi chabwino poyesa china, yang'anani mabowo a effects loop, a send ndi return. Mkati mwake muli tizitsulo togundana timene mawu amadutsamo ngakhale simugwiritsa ntchito mabowowo, ndipo timachita dzimbiri. Lumikizani send ndi return ndi kachingwe kafupi. Mawu akabwerera, mwalipeza vuto, ndipo mankhwala opopera otsukira zamagetsi amalithetsa. Bowo la mahedifoni limachitanso chimodzimodzi, popeza ndi limene limazimitsa sipika. Kupyola apa musatsegule ampu nokha. Magetsi a switch-mode amasunga mphamvu yoopsa m'makapasita ngakhale pulagi itazulidwa.

Kung'ung'uza

Mkokomo wa mmmm wosalekeza umachokera ku magetsi a m'nyumba, 50 kapena 60 Hz malinga ndi dziko. Ufufuzeni pochotsa zinthu chimodzichimodzi. Zulani chingwe cha gitala pa ampu. Kukakhala chete, ampu ili bwino. Bwezerani gitala yokha popanda mapedulo, kenaka muziwonjezera imodziimodzi, ndipo nthawi zambiri wolakwa amakhala adaputala yotchipa ya mapedulo. Ngati phokoso likusintha mukamatembenuka ndi gitala, mapikapu, timaginito totola mawu pansi pa nsambo, akutola phokosolo kuchokera ku magetsi owunikira, makamaka aja ochepetsedwa kuwala, kapena ku chaja cha foni. Pa besi ya mtundu wa Jazz, kukweza mavoliyumu a mapikapu onse awiri mofanana kumalithetsa. Foni nayo ichotseni m'thumba ndipo musaiike pamwamba pa ampu.

Phokoso likamabwera pokhapokha mwalumikiza XLR ku mikisa, ndiye kuti ampu ndi mikisa zapeza njira ziwiri zopitira ku earth, waya wachitetezo wolowa m'nthaka. Dinani batani la ground lift pa DI, kapena tengani magetsi a ampu pa soketi imodzi ndi mikisa.

Chimene simuyenera kuchita, ngakhale wina akulangizeni motani, ndi kudula kapena kuchotsa mwendo wa earth pa pulagi ya magetsi. Phokoso limathadi, koma tsiku limene chinachake chidzalakwike mkati, magetsi adzadutsa m'nsambo ndi m'thupi lanu. Leslie Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafa pa siteji ku Swansea mu 1972 atagwira maikolofoni imene inali ndi magetsi. Mukamva kuluma pamilomo poyandikira maikolofoni mutagwira nsambo, lekani kuimba pomwepo mpaka wodziwa zamagetsi aone mawayawo.

Tsono pali nthawi imene ampu imakhaladi yaing'ono. Mwaipendeketsa, mwaisendeza ku khoma, bass mwatsitsa, mid mwakweza, gain ili m'malo mwake, koma master ili pafupi ndi mapeto ndipo simukumvekabe. Kombo ya mawati 25 kapena 40 inapangidwira kuphunzirira ndi kuimba limodzi ndi magitala osalumikiza ku magetsi, ndipo woimba ng'oma wa dzanja lolemera adzaimiza ndithu. Panja, pamene palibe makoma obweza mawu, ngakhale ya mawati 200 imavutika, popeza mawu amatsika ndi 6 dB mtunda ukangowirikiza kawiri. Mukafika pamenepo sankhani chimodzi mwa zitatu: DI kupita ku zokuzira mawu, bokosi lachiwiri ngati ampu imalola, kapena kombo ya masipika awiri a mainchesi 10 kapena imodzi ya 15. Pokaiyesa musaimbe nokha m'chipinda chachete. Pemphani kuti mukaiyese pamene bandi yanu ikukonzekera, muiike pambali pa woimba ng'oma wanuyo, EQ ili pakati, ndipo muimbe nyimbo yaphokoso kuposa zonse zimene muli nazo.